Tisawalande ana athu ola lothamanga

Kwa zaka zambiri ndakhala ndi chizolowezi choima pakhomo la madrasa masana, kuyang'ana ana akamabwera. Amene ankandipweteketsa mutu m'mbuyomu anali anyamata ofika mochedwa, thukuta lili kamukamu, mapazi atayera ndi fumbi, mpira wachikulunga ataubisa kuseri kwa mpanda. Ndinkawakalipira, ena ndinkawagwaditsa kumene. Amene ndinkawayamikira pamaso pa anzawo anali ofatsa aja, ofika msanga, okhala phee pamkeka kuyambira poyamba mpaka potsekera. Kuchedwa kuli kolakwika mpaka lero, pamenepo sindinasinthe maganizo. Koma thukuta lija ndinkaliona molakwa, ndipo ndikulemba pofuna kuvomera zimenezo pamaso pa Asilamu anzanga.

Chinanditsekula maso ndi mmodzi wa ana ofatsa aja. Ali mwana anali wojintcha, wamasaya, wosakonda kuthamanga, ndipo tonse tinkati makolo ake akumusamala bwino. Miyezi yapitayo anabwera kudzandilonjera. Sanakwanitse zaka 35, koma m'thumba anali ndi mapilitsi amitundu iwiri, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Sindikunena kuti mkeka wa madrasa ndiwo unamudwalitsa, pakuti matenda amenewa ali ndi mizu yambiri, ndipo ina imachokera kumtundu. Komabe ndinadzifunsa: pa zaka zonse zimene mwana uja anali m'manja mwanga masana aliwonse, ndinamuuzapo n'kamodzi komwe kuti dzuka, kathamange ndi anzako? Yankho linali lakuti ayi.

Kuno kunyanja, monga m'madera ena a dziko lathu, kunenepa timakutenga ngati umboni wa mtendere wa pakhomo. Mwana akatuluka masaya, agogo amasangalala, mayi amayamikiridwa, bambo amayenda mutu uli m'mwamba. Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Ambiri a ife tikukumbukira njala ya 2002. Tikukumbukiranso zaka zimene munthu akayamba kuonda, anthu ankangoyamba kunong'onezana za Edzi. Munthu amene waika m'manda ana oonda sungamudzudzule akamakondwera ndi mdzukulu wonenepa. Koma akuluakulu omwewo ndiwo anatisiyira mwambi wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tione zimene zimachitika m'katimo.

Nsima, mpunga, buledi, chinangwa ndi shuga wa mu tiyi, zonsezi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu, komwe amakagwira ntchito ngati nkhuni pamoto, pamafunika madzi ena otchedwa insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Minofu ndiyo imatenga gawo lalikulu la shuga munthu akadya, ndipo minofu yogwira ntchito imamutenga mosavuta. Mwana akamangokhala, kwinaku mafuta akuunjikana pamimba ndi m'chiwindi, thupi limayamba kugontha, osamvanso insulini monga kale. Kapamba amakakamizika kupanga wochuluka kuti ntchito yomweyo itheke. Amapirira zaka zambiri, mwana osamva kupweteka paliponse, mpaka tsiku limene amalephera kukwanitsa. Pamenepo ndi pamene akuchipatala amati munthu ali ndi matenda a shuga. Pa nthawi yomweyo mafuta a m'magazi amasokonekera, magazi amayamba kuthamanga mopanikiza, ndipo mtima umagwira ntchito yoposa msinkhu wake.

Kale anthu ankaganiza kuti zimenezi ndi za okalamba okha. M'zaka za m'ma 1970, dokotala wina dzina lake Gerald Berenson anayamba kuyeza ana a m'tauni ya Bogalusa, m'chigawo cha Louisiana ku America, ndipo iye ndi anzake anawatsatira kwa zaka makumi angapo. Ena mwa achinyamatawo atamwalira pangozi ndi pa zifukwa zina, madokotala anayang'ana m'mitsempha yawo ya magazi. Anapeza kuti timizere tamafuta tinali titayamba kale kumatirira m'mitsemphamo, ngakhale mwa ana aang'ono, ndipo tinali tochuluka mwa amene anali onenepa, a magazi othamanga ndiponso a mafuta ambiri m'magazi. Choncho munthu akagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 50, nthawi zambiri ulendo wa matendawo umakhala utayamba iye akadali pasukulu ya pulayimale.

Vutoli likukula padziko lonse. Bungwe loona zaumoyo la WHO likuti mu 1990, ana ndi achinyamata 8 mwa 100 aliwonse a zaka zapakati pa 5 ndi 19 anali onenepa kopyola muyeso, koma pofika 2022 anali atafika 20 mwa 100 aliwonse, kutanthauza ana oposa 390 miliyoni. Ambiri a iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Koma sikelo yokha siuza zonse, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Pali kulemera kwa thupi, palinso kulimba kwa mtima ndi mapapo, kumene kumaoneka mwana akamatha kuthamanga kapena kusewera nthawi yaitali osatha mpweya. Ziwirizi n'zosiyana. Ku Sweden, anyamata a zaka 18 ankayezedwa asanalowe usilikali, ndipo ankawapalasitsa njinga yosayenda mpaka atatopa kuti aone mphamvu ya mtima wawo. Ofufuza anatenga zolembedwa za anyamata oposa 700,000 n'kuwatsatira kwa zaka zoposa 30. Anapeza kuti amene anali olimba pa zaka 18 sankadwala kwambiri matenda a mtima atakula, poyerekeza ndi anzawo a thupi lofanana nalo amene anali ofooka. Anapezanso kuti kulimbako sikunafafanize chiopsezo chobwera ndi kunenepa kwambiri. Phunziro lake lili pawiri. Mwana wonenepa amene amasewera ali pabwino kuposa mnzake wonenepa amene amangokhala, ngakhale sikelo isanasunthe. Ndipo mwana wochepa thupi amene satha kuthamanga mtunda wa bwalo limodzi la mpira osapuma wefuwefu, kuchepa thupi kwakeko sikukumuteteza mokwanira.

Pali uthenga wina wolimbikitsa wochokera ku Denmark. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anayang'ana zolembedwa za amuna oposa 60,000 amene anayezedwa ali pasukulu mumzinda wa Copenhagen. Anyamata amene anali onenepa pa zaka 7, koma thupi lawo n'kubwerera pamuyeso asanafike zaka 13, chiopsezo chawo cha matenda a shuga atakula chinali chofanana ndi cha amene sananenepepo. Amene anapitiriza kunenepa mpaka kutha msinkhu ndiwo anadwala kwambiri. Kuwongola mtengo mpoyamba. Zaka zimenezi, zoyambira 7 kufika 13, ndi zomwe ana amakhala m'manja mwa ife aphunzitsi a madrasa masana aliwonse.

Ndikudziwa chimene ena akunena m'mtima. Akuti: Shehe, ana athu akugona ndi njala, inu mukutiuza za kunenepa? Funso limeneli ndi loyenera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira, pomwe onenepa kopyola muyeso anali pafupifupi 5 okha mwa 100. Njala ikadali mdani wathu wamkulu. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse anali onenepa kopyola muyeso. Mavuto awiriwa akukhala m'mudzi umodzi, nthawi zina pakhomo limodzi, ndipo amalumikizana mwa njira imene ambiri sitiidziwa. Dokotala wa ku England, David Barker, atayang'ana mabuku akale olembamo ana obadwa m'dera la Hertfordshire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anapeza kuti amene anabadwa ochepa thupi ndiwo ankafa kwambiri ndi matenda a mtima atakula. Kafukufuku wina wa ku Helsinki, m'dziko la Finland, anaonetsa kuti chiopsezo chimakula koposa mwa amene anabadwa ochepa thupi kenako n'kunenepa mofulumira ali ana. Thupi limene linakumana ndi njala m'mimba mwa mayi limaphunzira kusunga kalikonse, ndipo zonona zikabwera mwadzidzidzi limalephera kuzisenza.

Kodi imeneyi si mbiri ya mabanja ambiri kuno? Mwana anabadwa pa nthawi yovuta, kenako bambo anapita ku Joni, ndalama zinayamba kubwera, banja linasamukira paboma kapena pamsika waukulu. Bambo amene ali kutali, posowa njira ina yoonetsera chikondi, amatumiza foni ndi ndalama ya zokoma. Mwana amene ankayenda wapansi kupita kusukulu tsopano amakwera kabaza. Palibe cholakwa kufunira mwana zabwino. Koma mwana wotereyu ndi amene thupi lake likufunika kuyenda ndi kudya mwanzeru kuposa wina aliyense.

N'zoona kuti mwana wa kumudzi amene amatunga madzi, kutola nkhuni, kupalasa bwato ndi kuthandiza kukoka khoka sakusowa ntchito ya thupi, ndipo ena ntchitoyo imawachulukira mpaka kuwalepheretsa sukulu. Amene ndikunena ndi ana a ku Mangochi paboma, ku Liwonde, ku Salima, ku Nkhotakota ndi m'misika ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu. Tawerengani tsiku la mwana wotere. M'mawa amakhala pansi m'kalasi mpaka masana. Akafika kunyumba amadya mothamanga n'kubwera kumadrasa, komwe timamukhazikanso pamkeka mpaka dzuwa litapendeka. Maghrib ikapita kwada, ndipo chotsala ndi foni kapena kanema. Bungwe la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azipeza mphindi 60 patsiku zochita zinthu zomutulutsa thukuta ndi kumupumitsa mwamphamvu, ndiponso kuti masiku atatu pasabata azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha ndi kukwera. Pa tsiku limene ndafotokozali, ola limenelo lili pati? Mwana wa anzathu amene sapita kumadrasa amalipeza masana. Wathu masana ali ndi ife. Ngati ife sitimupatsa, palibe wina womupatsa.

N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi anzanga ndi makomiti a mizikiti kuti madrasa iliyonse ipatule mphindi 20 kapena 30 za masewera pabwalo, maphunziro asanayambe kapena swala ya Asr ikatha. Sizifuna ndalama. Chipako, jingo, fulaye, phada ndi mpira wachikulunga tinakula nazo tonse. Mphindi zotsalazo mwana angazipeze poyenda wapansi kupita kusukulu ndi pogwira ntchito zapakhomo. Ndikupemphanso makomiti kuti pomanga mashopu ozungulira mzikiti, asamadye malo onse mpaka ana kusowa popondetsa mpira.

Makolo ena andiuza kale kuti sanatumize ana kumadrasa kuti azikasewera, ndipo aphunzitsi ena akuopa kuti masura oloweza achepa. Nkhawa imeneyi ndikuimvetsa, pakuti nthawi ndi yochepa kale. Koma chiyambire kuyesa zimenezi pamadrasa yathu, chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti mwana amene wathamanga, n'kusamba m'manja ndi kumaso, amakhala pansi mtima uli m'malo, ndipo kusinza ndi kutsinana pamkeka kwachepa. Komanso tidzifunse chimene tikufuna. Tikulera Hafizi amene adzaime kutsogolo usiku wa Ramadhan kwa zaka makumi anayi, kapena amene miyendo idzamukana asanafike zaka 45? Thupi ndi amana imene Allah watisungitsa, ndipo thupi la mwana ndi amana ya makolo ndi aphunzitsi ake kufikira atakula. Mabuku a Hadith amatisimbira kuti anyamata a ku Habasha anasewera masewera a mikondo mumzikiti wa ku Madina, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, akuona, ndipo sanawaletse. Sitingakhale oopa Allah kuposa iye.

Nkhani ya atsikana ndiyo ikundilemera koposa. Kafukufuku wa WHO wa m'mayiko ambiri anapeza kuti mu 2016, achinyamata 81 mwa 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17 sankakwanitsa ola lija, ndipo atsikana anali pambuyo kwambiri: 85 mwa 100, pomwe anyamata anali 78. Kwathu kuno tikudziwa mmene zimakhalira. Mtsikana amadumpha jingo ndi kusewera fulaye mpaka tsiku limene watha msinkhu, ndiye timamuuza kuti wakula, akhale pansi. Timatero pofuna kusunga ulemu wake, ndipo cholingacho n'chabwino. Koma ulemu umasungidwa ndi chovala choyenera ndi malo oyenera. Mpanda wa madrasa, mphunzitsi wamkazi woyang'anira, diresi lalitali ndi buluku m'kati, hijabu yomangidwa bwino, zimenezi n'zokwanira kuti atsikana asewere mpira wamanja popanda wodandaula. Mayi wa okhulupirira, Aisha, Allah asangalale naye, anasimba yekha kuti anachita mpikisano wothamanga ndi Mtumiki ali paulendo ndipo anapambana, koma patapita zaka, iye atanenepa, anapikisananso ndipo anapambana Mtumiki. Ngati mkazi wa Mtumiki ankathamanga, mwana wathu wa zaka 13 tikumuletsa potsatira chiyani? Tikumbukirenso kuti mtsikana ameneyu ndi mayi wa mawa. Mayi wonenepa kwambiri amakhala pachiopsezo cha shuga wa pa nthawi yoyembekezera, ndipo mwana wobadwa pa mimba yotero naye amakhala pachiopsezo cha kunenepa ndi shuga akadzakula.

Za chakudya ndinene mwachidule, pakuti tonse tikuziona. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 8, pomwe WHO imati ndi bwino koposa kuti ngakhale munthu wamkulu asapyole pafupifupi masupuni 6 patsiku. Onjezanipo mafirizesi a pageti ya sukulu, tiyi wa masupuni atatu, mandasi, tchipisi ndi tizakudya tamchere ta m'mapepala. Chomvetsa chisoni n'chakuti timagulitsa usipa ndi utaka, zakudya zomanga thupi zimene anthu a kutali amazilakalaka, n'kutenga ndalamayo kugulira ana zimenezi. Mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, masamba otendera, mango ndi malambe tayamba kuziona ngati za osauka. Mwezi wa Ramadhan, umene unayenera kutiphunzitsa kudziletsa, m'makomo ena wasanduka mwezi wa zokazinga ndi zotsekemera, ndipo ana, ngakhale amene sanamange, amadya nawo zonsezo mpaka usiku. Futali wa mbatata kapena chinangwa wotendera nsinjiro, amene amayi athu ankatiphikira, anali wabwino kuposa zambiri zimene tabweretsa m'malo mwake. Qur'an, mu Surat Al-A'raf ndime 31, imaloleza kudya ndi kumwa koma imaletsa kupyola muyeso, ndipo mwana amaphunzira muyeso poona mbale ya bambo ndi mayi ake.

Kholo lingadziwe bwanji kuti mwana wayamba kulowera kolakwika? Pali njira yosafuna sikelo, yoyenera mwana wa zaka 5 kupita m'tsogolo. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwa mwana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mudule, mupinde pakati, ndipo muzungulize pamimba pake chapamwamba pang'ono pa mchombo. Chingwe chopindacho chikalephera kukumana, ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka. Chizindikiro china ndi khungu lakuda, lokhuthala, looneka ngati litsiro kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa. Amayi ambiri amalikwecha ndi mwala poganiza kuti mwana sasamba, chonsecho nthawi zambiri limasonyeza kuti thupi layamba kusamva insulini. Mukaona zimenezi, kapena mwana akamamva ludzu kwambiri, kukodza pafupipafupi ndi kuonda mosadziwika bwino, pitani naye kuchipatala akamuyeze shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Ndichenjezenso pa zinthu zitatu. Choyamba, mwana amene amabanika akangoyenda pang'ono, kutupa miyendo, kumva kupweteka pachifuwa kapena kukomoka, musamukakamize kuthamanga. Akhoza kukhala ndi vuto la mtima, mphumu kapena kuchepa kwa magazi, ndipo ayenera kuonedwa ndi dokotala. Chachiwiri, kusambira ndi masewera abwino kwambiri ndipo nyanja tili nayo pakhomo, koma m'madzi osayenda a m'mabango muli likodzo ndi ng'ona. Ana asambire pamalo odziwika, wamkulu ali pafupi, ndipo mankhwala a likodzo akabwera kusukulu tisawaletse kumwa. Chachitatu, mwana wonenepa asanyozedwe, asapatsidwe maina, ndipo asamanidwe chakudya kapena kumangitsidwa swaumu ngati njira yomuondetsera. Sanadzigulire yekha zimene amadya. Mwana amene akukula nthawi zambiri safunika kuonda: akasiya kuwonjezera mafuta kwinaku akutalika, thupi limadzikonza lokha. Chofunika n'chakuti banja lonse lisinthe limodzi, botolo lichoke patebulo la onse, ndipo bambo ayende wapansi ndi ana ake popita kumzikiti m'malo mokwera njinga yamoto pa mtunda wa mphindi khumi.

Ine ndemwe ndimamwa mapilitsi a kuthamanga kwa magazi m'mawa uliwonse, ndipo anzanga angapo amene tinaphunzira limodzi amaswali atakhala pampando. Kwa ife zambiri zinachitika kale. Ana amene ali pamkeka lero akadali ndi mwayi umene anyamata a ku Copenhagen aja anali nawo. Masiku ano ndikaima pakhomo la madrasa n'kuona mwana akubwera thukuta lili kamukamu, ndimamuonetsa pamene pali ndowa ya madzi kuti akachite wudhu. Amene ndimamuyang'anitsitsa ndi uja wakhala yekha pakhonde anzake akusewera, ndipo ndimapita kukamufunsa chifukwa chake.

Allah atipatse nzeru zosamalira ana amene watisungitsa, ndipo awapatse matupi amphamvu omugwadira nawo zaka zambiri. Ameen.